Kusamutsa Bambo ndi Ndowa Yawo ku Nambuma

Galimoto yomwe achimwene analonjeza sinabwere. Ikanabwera, ulendo wochoka ku Nambuma kufika ku Namitete ukanatha dzuwa lisanafike pamutu, ndipo sindikanakhala ndi choti ndifotokoze.

Unali mwezi wa Okutobala. Pabanja tinali titagwirizana kuti bambo asamuke adzakhale ndi ine. Sitiroko inali itawafooketsa dzanja ndi mwendo wakumanzere, mayi anali atatisiya kalekale, ndipo abale a mayi amene ankawaphikira anali atayamba kutopa ngakhale sankanena. Nyengo imeneyo aliyense amakhala ku nazale ya fodya m'mawa ndi madzulo, wotsala pakhomo ndi wodwala sapezeka. Achimwene, amene amagwira ntchito mumzinda, anati iwo apeza galimoto, ine ndingotsogola kukamanga katundu. Ndinatsogoladi. Ndinakhala kumudziko masiku angapo ndikuchapa, kumanga, ndi kugawira anthu zinthu zomwe bambo sakanazigwiritsanso ntchito: makasu, goli la ng'ombe, njinga yopanda tcheni. Zonsezi anazilola kupita osanenapo kanthu. Nkhani inali kuseri kwa nyumba.

Kumeneko, pansi pa mtengo wa gwafa, panali theka la mgolo wa pulasitiki lodzaza madzi. M'madzimo munkayandama chomera chopanda mizu, cha masamba onga ulusi wobiriwira. Ukachiona mothamanga umangoti ndi ndere. Koma ukachinyamula pachikhatho n'kuyang'anitsitsa, umaona kuti pa ulusiwo pali timatumba tambirimbiri, tating'ono ngati njere za mawere, tina toyera, tina takuda. Timatumbato ndi misampha. Kachilombo ka m'madzi kakakhudza pakamwa pa kathumba, kamamezedwa nthawi yomweyo, ndipo takudato ndi tomwe tadya kale. Bambo anachipeza kudambo zaka zambiri zapitazo akumwetsa ng'ombe, atakopeka ndi duwa lake lachikasu lomwe limaima pamwamba pa madzi. Anafunsafunsa dzina lake koma palibe ankalidziwa, choncho anangochitcha kamsampha. Dambolo pambuyo pake anthu analilima lonse kukhala madimba, moti kamsampha kanatsala mu mgolo wa bambo mokha.

Kanali ndi malamulo ake, ndipo tonse pabanja tinkawadziwa chifukwa chowamva kawirikawiri. Madzi a pamjigo ayi, amakapha pang'onopang'ono. A mvula kapena a kudambo basi. Pansi pa mgolo pazikhala masamba ouma a bango, madzi azioneka ngati tiyi wopanda mkaka. Dzuwa la m'mawa lokha. Feteleza asayandikire n'komwe, chifukwa ndere zimabwera n'kukatsamwitsa. Bambo ankati kamadya ana a udzudzu akadali aang'ono, ndipo n'zoona kuti mu mgolomo sindinaonemo tizilombo togwedezeka tija timadzaza m'mbiya zosavundikira.

Tsiku la ulendo bambo anavala jekete yawo ya kutchalitchi n'kukhala pampando pabwalo. Abale anabwera, tinapemphera, anagwirana nawo chanza mmodzimmodzi, amayi ena analira pang'ono, kenaka aliyense anabwerera ku ntchito zake. Ife tinatsala tikuyang'ana kunjira. Mthunzi wa nyumba unafupika mpaka kuwasiya bambo padzuwa, ndinawasunthira pakhonde. Ndiye foni inalira. Achimwene anati mwini galimoto wapita nayo kumaliro, tidikire sabata yamawa.

Ndinawauza bambo.

"Ine ndatsanzika kale," anatero. "Sindingatsanzike kawiri."

Ndinayesa kuwafotokozera kuti pa matola munthu wodwala amavutika, koma anali atagwira kale ndodo yawo. Tinagwirizana kuti katundu wamkulu atsale, titenge chikwama chimodzi cha zovala ndi mankhwala. Za kamsampha ndinati katsalenso, achimwene adzakatenge limodzi ndi mgolo wake. Bambo anakana. Anati podzafika sabata yamawa wina adzakhala atathiramo madzi a pamjigo pofuna kuthandiza, apo ayi mbuzi zidzakhala zitamwa onse.

"Tenga ndowa yachivundikiro ija, Naphiri. Usadzazitse, ndipo usatseke kwambiri."

Ndinatunga madzi a mu mgolomo, ndinatapa masamba a bango a pansi, kenaka kamsamphako ndi manja awiri monga ankandiuzira. Kanali koterera komanso kopepuka ngati kulibe. Ndowa yokha ndiyo inkalemera.

Msuweni wanga anatiperekeza pangolo mpaka pa Nambuma. Ng'ombe zinkayenda mwaulesi chifukwa cha kutentha, ndipo pa bampu iliyonse madzi ankatuluka m'mbali mwa chivundikiro n'kundinyowetsa chitenje. Bambo sanacheuke kuyang'ana mudzi. Maso awo anali pandowa.

Pa Nambuma tinapeza pikiyapu imodzi yokha yopita ku Nsaru. Dalaivala anali pa chiwaya akudya tchipisi, ndipo anati tikunyamuka pompano. Ndinawakhazika bambo pakhonde la sitolo yotseka. Pompano uja anatalika. Dalaivala anamaliza tchipisi, anapita kukameta, anabwera, anatsegula boneti, anatseka, anasowanso. Ine ntchito yanga inali kusuntha ndowa kutsata mthunzi, chifukwa bambo akaona dzuwa likuikhudza ankangoloza ndi ndodo.

Pakhondepo panali banja lina lomwe linali litatiyambirira kudikira. Anali matenanti ochokera pa esiteti ina ya fodya, akubwerera kwawo ku Phalombe. Katundu wawo yense anali pomwepo: matiresi yopinda, thumba la chimanga, miphika yomangidwa m'nsalu, ndi mwana kumsana kwa mayiyo. Mayiyo anali wochezeka. Anandiuza kuti akhala pa esitetipo nyengo zingapo, chaka chilichonse akumati chino ndiye chomaliza, koma tsopano amuna awo chifuwa chawavuta ndi fumbi la m'shedi, atopa. Amuna awowo sankayankhula kwambiri, ankangotsokomola n'kumayang'ana msewu.

Titayamba kukwera, dalaivala analola kuti bambo akhale kutsogolo titawonjezerako ndalama pang'ono. Kuwakweza kunali kovuta. Mwendo wodwalawo umafunika kuunyamula ndi manja n'kuulowetsa, ndipo bambo a ku Phalombe aja ndiwo anandithandiza. Ine ndinakwera kumbuyo, ndinakhala pa thumba la mtedza, ndowa ili pakati pa miyendo. Anthu anapitiriza kukwera mpaka ndinasiya kuona mapazi anga.

Msewu wake ndi wafumbi, wa mabampu ngati malata. Tisanapite patali madzi anayamba kudumphira pa belo ya kaunjika ya bambo wina, ndipo anakwiya.

"Kodi mayi, m'ndowamo muli nsomba?"

Ndinati muli chomera. Anafunsa ngati n'chodya, ndinati ayi. Anafunsa ngati n'cha mankhwala, ndinati ayi.

"Nanga n'cha chiyani?"

Ndinati chimadya ana a udzudzu. Ena anaseka, koma mayi wina amene anakhala moyandikana nane anakoka mwendo wake kuutalikitsa ku ndowa, ndipo sanandiyang'anenso. Ndinadziwa zomwe ankaganiza. Ndinalibe mphamvu zofotokoza. Ndinavula mpango kumutu n'kumanga pamwamba pa chivundikiro kuti madzi asamadumphe, fumbi n'kumandilowa m'tsitsi.

Tili pakati pa Nambuma ndi Nsaru, pachitunda china chachitali, galimoto inayamba kulira mwachilendo, kenaka nthunzi inatuluka kuboneti. Dalaivala anaimika n'kunena kuti aliyense atsike, injini yatentha. Panalibe nyumba pafupi. Kunali minda yopsereza mbali zonse, mtengo umodzi wa mango m'mphepete mwa msewu, ndipo kumunsi kutali kunkaoneka kubiriwira kwa madimba.

Bambo anandiitana pawindo n'kundiuza chapansipansi kuti akufuna kupita kuthengo. Chiyambire kudwala kwawo ichi n'chimene chinkawapweteka kwambiri, kuti mwana wawo wamkazi azimva mawu otere. Ndinawatsitsa, ndinawagwira mkono mpaka pomwe panayambira tchire, ndipo bambo a ku Phalombe, osawapempha, anabwera n'kuwalandira. Ine ndinaima potero nditatembenukira kwina, ndikudikira. Ndowa ndinali nditaisiya pamthunzi wa galimoto.

Tikubwerera pang'onopang'ono, ndinaona dalaivala ataima kuboneti, ndowa yathu ili m'manja mwake, akuipendeketsa. Ndinakuwa, koma madzi anali atalowa kale mu rediyeta. Mpango wanga unali pansi. Kamsampha anali atakavuula ndi dzanja n'kukataya mumsewu.

"Madzi ndi madzi, mayi," anatero. "Zinyalalazo ndachotsa, sizinalowe mu injini. Mukatunga ena ku Nsaru."

Sindikumbukira zonse zomwe ndinamuuza. Ndikudziwa kuti anthu anatizungulira. Iye ankangoti popanda madzi tonse tikanagona pomwepo, ndipo ena ankamuvomereza. Amene anandiletsa ndi bambo. Anali atakhala pansi m'mphepete mwa msewu, jekete yawo yakuda ili fumbi lokhalokha.

"Musiye. Tola msanga, kakuuma."

Ndinagwada mumsewu n'kuyamba kutola. Ulusi uja unali utamatirira fumbi lofiira ngati tsitsi lometa, wina unali utapondedwa kale. Mayi a ku Phalombe anagwada nane, mwana ali kumsana, tikutola ndi nsonga za zala n'kumaponya m'ndowa, momwe munali mutatsala matope a bango ndi timadzi tosakwana kapu. Anapereka chigubu chawo cha madzi akumwa. Bambo anafunsa ngati ndi a pamjigo, iwo anavomera. Bambo anathokoza, n'kunena kuti tingonyowetsa mpango tiphimbe pamwamba, tisathiremo.

Ndinayang'ana kumadimba kuja. Dalaivala anati injini ikazizira sadikira munthu. Ndinamuyankha kuti injini yake yazizira ndi madzi athu, andidikire. Ndinanyamula ndowa n'kutsetsereka.

Kunali kutali kuposa momwe kunkaonekera. Ndinadutsa m'mizere youma, zitsotso zikundilasa m'mapazi, thukuta likulowa m'maso. Kudimbako ndinapeza bambo wina akuthirira tomato. Anandilola kutunga, ndipo anafuna kundibwereka kheni yake yothirira, koma ndinaona kuti pansi pake pali zoyera za feteleza, ndinakana mwaulemu. Chitsime chinali chitaphwa kwambiri. Ndinatsika pa masitepe okumba m'dothi, ndinagwada m'matope, n'kumatunga pang'onopang'ono ndi chivundikiro cha ndowa kuti ndisavundule. Madzi ake anali otuwa koma ozizira. Kamsampha kanayandama, fumbi linayamba kutsika pansi, koma mtundu wake sunali wobiriwira ngati m'mawa. Kanali kotuwa, kofooka, koduka tizidutswa.

Ndili m'chitsime momwemo ndinamva injini ikulira kumtunda. Ndinatuluka mofulumira, koma ndi ndowa ya madzi pamutu munthu suthamanga. Ndinaona fumbi likukwera chitunda, likupita, mpaka linatha.

Ndinawapeza bambo ali okha pansi pa mango uja, chikwama chili pambali pawo. Anati dalaivala anawauza kuti akwere, ine ndidzawapeza ku Nsaru, koma iwo anakana. A ku Phalombe anayesetsa kumuchonderera kuti adikire, zinakanika, ndipo iwo sakanatsala chifukwa ulendo wawo unali wautali. Anatsitsa chikwama chathu, anawakhazika bambo pamthunzi, n'kuwasiyira chinangwa chophika ndi botolo la madzi. Sindinawafunse n'komwe mayina awo.

Ndinatula ndowa n'kukhala pansi. Mumsewu munadutsa mayi wosenza nkhuni, kenaka ngolo yolowera komwe tinachokera, kenaka zii. Mphepo yotentha inkangozunguza mapesi m'minda. Ndinawamwetsa bambo mankhwala awo a masana, nthawi yake itapitirira kale, tinagawana chinangwa chija. Mtima wanga unali utadzaza, ndipo ndinalephera kuugwira.

"Bambo, taonani pomwe tili. Tikuvutikira ndere."

Sanakwiye. Anatafuna chinangwa chawo mpaka kumaliza, chifukwa masiku amenewo ankadya mbali imodzi ya kamwa.

"Chidwalire changa, aliyense amandichitira zonse," anatero. "Kundiphikira, kundisambitsa, kundiperekeza kuthengo monga waonera lero. Chomwe chinatsala choti ine ndichichitire ndi ichi chokha. Kwanuko ndikachita chiyani? Kukhala pakhonde kudikira mbale?"

Ndinasuntha ndowa, chifukwa mthunzi unali utayamba kuisiya.

Galimoto ina sinabwere. Dzuwa litapendeka kunatulukira njinga yamoto ya kabaza ikuchokera ku Nambuma, yopanda wokwera. Mwini wake anaima, anawayang'ana bambo, anayang'ana ndowa, n'kunena kuti zonsezi panjinga imodzi sizingatheke. Anaimbira mnzake foni. Tinadikiranso. Mnzakeyo atafika, tinakambirana mtengo ndipo sindinalimbe, ndinalibe kolowera. Bambo sakanatha kugwira ndi dzanja limodzi, choncho tinawakhazika pakati, woyendetsa kutsogolo, ine kumbuyo, n'kutimanga tonse atatu ndi chitenje m'chiuno. Phazi lodwala analimangirira pachitsulo ndi mphira kuti lisalowe m'masipoko. Ndowa ndi chikwama zinakwera njinga yachiwiri, zomangidwa ndi mphira womwewo.

Ndinawakumbatira bambo njira yonse. Ndinadabwa kumva nthiti zawo zonse pansi pa jekete. Kumudzi ndinkawaona tsiku ndi tsiku koma sindinadziwe kuti anaonda chotero. Mumchenga njinga inkasewera, iwo n'kumapendekera kumanzere, ine n'kumawabweza. Pakapita kanthawi ankafunsa ngati ndowa ikubwera, ndipo ine ndinkacheuka n'kuwauza kuti ili m'mbuyomu. Woyendetsa wachiwiriyo, nditamupempha kuti aziyenda pang'onopang'ono, anamveradi, moti tinafika pa Nsaru n'kumudikira.

Pa Nsaru msika unali ukuphwasuka. Pikiyapu ija inali itaima pafupi ndi chigayo, boneti ili yotsegula, dalaivala ali pansi pake. Sindinapiteko. A ku Phalombe anali atapita kale. Minibasi yolowera kumzinda inalipo, koma munali anthu ochepa, ndipo ena mwa iwo ndinawazindikira kuti ndi aja amangokhalamo kuti izioneka ngati yatsala pang'ono kudzaza. Bambo anali atafooka, milomo itauma. Mwini golosale ina, bambo wachisilamu wa ndevu zotuwa, anationa tikuvutika kuima, n'kutulutsa benchi. Anatuma akazi awo kutibweretsera thobwa, ndipo anakana kulandira ndalama.

Anafunsa za ndowa, monga aliyense tsiku limenelo. Ndinali nditakonzeka kuyankha mwachidule, koma bambo ananditsogolera. Anawauza kuti avundukule aone. Mwini golosaleyo anavala magalasi, anawerama, anayang'ana nthawi yaitali, kenaka anatola kachidutswa pachala n'kukaloza kudzuwa. Anati timatumbato akutiona. Bambo anayamba kufotokoza za dambo, za duwa lachikasu, za momwe kamakulira mbali imodzi kwinaku kakufa mbali inayo, ndi momwe kachidutswa kamodzi kamadzazira mgolo wonse mvula ikayamba. Mawu awo ankatuluka mokoka chifukwa cha sitiroko, koma winayo sanawadule. Sabata yonse yomwe ndinakhala kumudzi sindinawamve akuyankhula motalika choncho. Pomaliza mwini golosale anati kuseri kwa sitolo yawo kuli migolo ya madzi a mvula yomwe imaswetsa udzudzu chaka chilichonse, ndipo anapempha kuti kakachira adzawagawireko.

"Kakachira," anatero bambo. "Lero kaona zambiri."

Minibasi inadzaza dzuwa litafiira. Kondakitala anati ndowa ipite kubuti, apo ayi ilipiridwe ngati munthu. Ndinati ndiinyamula pamiyendo. Anati ikanyowetsa anthu ndi mlandu wanga. Ndinavomera. Bambo anawapatsa mpando wa pakhomo, kutanthauza kuti aliyense wotsika kapena wokwera ankawagunda mwendo wodwala uja, iwo n'kumangotseka maso. Tinkaima paliponse pomwe munthu waimika dzanja. Pena tinaima nthawi yaitali kudikira matumba a anyezi omwe ankabwera pangolo. Ndowa inandipanikiza ntchafu mpaka miyendo inachita dzanzi, ndipo nditafuna kutsika pamphambano ya msewu wa Mchinji ndinalephera kuimirira, kondakitala anachita kundilandira ndowa kaye.

Pamphambanopo minibasi za ku Mchinji zinkadutsa zodzaza ndi anthu oweruka kuntchito mumzinda. Zingapo zinaima, makondakitala n'kuona mkulu wa ndodo, chikwama ndi ndowa, n'kupitirira. Ina inavomera chifukwa mtsikana wina wakutsogolo anatsika yekha n'kunena kuti agogo akhale pamalo pake, iye apanikizana kumbuyo. Mitengo italiitali ya pa Chitedze ndinaiona ngati m'maloto. Pa Mpingu anatsika ambiri, ndinapeza potambasulira miyendo. Pa Msundwe ndinazindikira kuti ndinali nditagona, chipumi chili pachivundikiro cha ndowa, manja akadali ogwira m'mbali.

Tinafika pa Namitete mdima utagwa kale. Amuna anga anali pasiteji ndi njinga, atadikira kuyambira masana chifukwa foni yanga inali itazima. Tinawakweza bambo pakaliyala n'kumakankha mpaka kunyumba. Ana anawalonjera agogo awo, tinawasambitsa mapazi, anadya pang'ono. Chipinda chomwe tinawakonzera anangochiyang'ana, ndipo anagona ndi malaya omwe anayenda nawo. Kamsampha ndinakakhuthulira m'beseni lochapira, ndinaika kuseri kwa khitchini, ndinaphimba ndi lichero kuopa nkhuku. Sindinayang'anemo. Sindinkafuna kudziwa.

M'mawa ndinadzuka thupi lonse likupweteka ngati andimenya. Nditatuluka ndi tsache, ndinawapeza bambo ali kale kuseri kwa khitchini. Anali atayenda okha ndi ndodo, atakhala pa mtondo wogona, lichero atalichotsa. Anali atawerama kwambiri, nkhope ili pafupi ndi madzi.

"Naphiri, bwera undionere."

Ndinawafunsa kuti ndione chiyani, poti iwo ndiwo amakadziwa. Anati maso awo anasiya kuona zing'onozing'ono kuyambira pomwe anadwala. Mu mgolo muja ankangoona kubiriwira, timatumba ankatimva ndi zala. Sanauze aliyense. Anati ndiyang'ane kunsonga kwa ulusi uliwonse. Ngati pali kamutu kopindika, kobiriwira, ndiye kuti kali moyo.

Ndinagwada. Madzi anali atadikha usiku, matope ali pansi. Ulusi wambiri unali wofiirira, wina utamira, ndipo ndikaukhudza unkasungunuka m'zala. Ndinatembenuza kachidutswa kalikonse, kamodzikamodzi, bambo akupuma pafupi ndi khutu langa. Ndinaganiza zowanamiza kuti zambiri zili bwino, koma ndinadziwa kuti adzagwira okha. Chakumapeto, pansi pa tsamba la bango, ndinapeza kachidutswa kosatalika kuposa chala changa chaching'ono, kansonga kake kopindika ngati nkhonya ya khanda.

"Kamodzi kokha, bambo. Kena konse kapita."

"Kobiriwira?"

"Kobiriwira."

Anatambasula dzanja lawo labwino, ndinawaikira pachikhatho ndi timadzi pang'ono. Anakasisita ndi chala chachikulu mofatsa, kenaka anakabweza m'madzi. Anakweza mutu n'kuyang'ana pabwalo pathu kwa nthawi yoyamba: khitchini, khola la nkhuku, mtengo wa papaya, mulu wa matabwa a amuna anga. Anafunsa komwe dzuwa limatulukira, ndinawalozera. Anafunsa ngati dambo lili kutali, ndinati n'kamtunda ndithu.

"Beseni ili n'losaya, litentha masana," anatero. "Uwauze bambo a kunyumba kuno apeze mgolo, audule pakati. Tiuike apo, pafupi ndi papaya. Bango louma ndikasankha ndekha."

Ndinayang'ana mapazi anga otupa, ndinayang'ana ndowa ili pambali yopanda kanthu. Ndinatsamiritsa tsache kukhoma, ndinainyamula, n'kulowera kudambo.